Kalata kwa Akuluakulu a Mzinda wa Zomba: Pothetsa Phokoso Musatseke ndi Bandi Yomwe

Kwa a Meya, makhansala ndi akuluakulu nonse oyendetsa mzinda wa Zomba,

Landirani moni wochokera kuno ku Chinamwali. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu.

Posachedwapa mulandira chikalata chochokera m'dera lathu lino. Chakhala chikuyenda khomo ndi khomo anthu akusayina, ndipo pempho lake ndi lakuti malo onse oliza nyimbo usiku atsekedwe. Kwa ine chinabwera ndi mayi ena amene timapemphera limodzi, munthu amene ndimawalemekeza kwambiri, koma sindinasayine. Ndalemba kalata ino kuti mumve chifukwa chake musanagamule, komanso kuti aneba anga asayese kuti wina wandigulira botolo. Mowa sindimwa. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale wopuma pantchito, ndipo ndimagona msanga.

Amene asayinawo sakunama. Phokoso lilipo ndipo latikwana. Pali mabala amene amatulutsa sipika pakhonde dzuwa likangotuluka, n'kuisiya ikulira mpaka tambala woyamba, pomwe m'katimo muli anthu atatu okha, wina atagona patebulo. Pali timashopu toika nyimbo m'mafoni tomwe timapikisana kuti amveke patali ndani. Pali mapemphero a usiku wonse okhala ndi zimkuzamawu zoloza kumawindo a eni, pali zinkhoswe zimene zimayamba kuyesa zida Lachinayi pomwe mwambo ndi wa Loweruka. Ana okonzekera mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 amawerenga atatseka makutu ndi zala, mumzinda momwe muli likulu lenilenilo la MANEB, bungwe loyendetsa mayesowo. Odwala sagona, makanda amadzidzimuka. Tikadandaula, eni mabala ena amatiyankha kuti walira mvula walira matope, munafuna tauni. Yankho limenelo ine ndimalikana, chifukwa tulo ta munthu si mphatso yochokera kwa mwini bala. Mukadzachitapo kanthu pa zimenezi ndidzawomba m'manja.

Pomwe ndasiyana ndi anzangawo ndi apa: chikalatacho chaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Mwa malo amene atchulidwamo muli kakalabu kena, nyumba zochepa chabe kuchokera panga. Dzina sinditchula, mungati ndikutsatsa malonda a eni. Ndi bwalo la mpanda wa njerwa kuseri kwa nyumba yakale, mbali ina yofolera ndi malata, mbali ina pamtetete. Nsanja yake ndi yasimenti, yosafika n'komwe m'mawondo. Mipando ndi yapulasitiki, ina yomangidwa ndi waya, ndipo ikatha anthu amakhalira makireti. Pakona pali mnyamata wootcha kanyenya ndi mayi okazinga tchipisi. Kumeneko Lachisanu ndi Loweruka madzulo, komanso Lamulungu masana, kumaimba bandi. Ndikati bandi ndikunena anthu ogwira zida ndi manja awo: wa ng'oma, wa besi, wa gitala, wa kiyibodi, ndi oimba pakamwa awiri kapena atatu. Sindikunena mnyamata mmodzi ndi laputopu, kapena woimba amene amangotsatira mawu ake omwe ali kale mu fulashi uku akufuula kuti manja m'mwamba.

Oimbawa ndi ana a mumzinda uno. Wa besi masana amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Wa kiyibodi anaphunzirira ku kwaya, ndipo Lamulungu m'mawa amaimbabe kutchalitchi kwawo asanabwere kuno. Wa ng'oma ndi mwana wa msilikali, anakulira m'malaini akumvera bandi ya asilikali ikuyeserera. Palinso mtsikana wophunzira ku yunivesite ya Chanco (Chancellor College), wokhala ku Chikanda, amene amadziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa papepala. Anzakewo amamuseka kuti popanda pepala sayenda, iye n'kumawabwezera kuti chala chikugwira bwino koma mutu sudziwa dzina la chimene chagwidwacho. Pano onse asinthana nzeru, iye waphunzira kutola nyimbo ndi khutu, iwo aphunzira kuwerengera. Ena mwa anyamatawa anadutsa m'kalasi mwanga. Mmodzi sanapitirire Sitandade 8, ndipo ndinkamudziwa ngati mwana wosakhazikika, wogogoda desiki ndi bolopeni mpaka kundipweteketsa mutu. Lero ndikamuona akutsogolera anzake kulowa ndi kutuluka m'nyimbo popanda wina kuphonya, ndimaona kuti kukhazikika anali nako, kungoti sukulu yathu inalibe chomupatsa kuti agogode.

Akuluakulu, kusiyana kwa bandi ndi sipika kumene kukukhudza ife aneba n'kwakuti sipika satopa. Ilibe mikono, sinyamuka m'mamawa kukasaka makasitomala pasiteji, sifuna malipiro. Mwini bala akaiyatsa akhoza kuiiwala. Bandi imayamba ndipo imatha. Wa ng'oma akamenya maola atatu mapewa amakhala atalema, woimba mawu asasa, ndipo anthu obwera kudzaonera amafuna kupeza kabaza kusanade kwambiri, poopa achifwamba m'tinjira tathu topanda magetsiti. Pofika cha m'ma 11 koloko zingwe zimakhala zikukulungidwa. Phokoso limene limatidzutsa 2 koloko ya usiku silichokera kumeneko. Amene akukayika abwere adzaime pamsewu wa ku Liwonde nthawi imeneyo, atsatire khutu lake, aone kumene limufikitse.

Chinanso, pa bandi pali munthu wolankhula naye. Mnyamata amene amakhala pa mikisa ukamuuza kuti besi yakwera, amatsitsa, chifukwa nayenso amafuna kuti mawu a woimba amveke. Bandi yolira mopitirira muyeso ndi bandi yoipa, oimba enieni amadziwa zimenezo. Pamene kuli maliro m'dera lino, kalabuyi siimba. Sipika za m'mabala zina zimalirabe, anamfedwa akumva.

Mwina mukuganiza kuti malo otere ndi mgodi wa ndalama. Ndafunsa eni ake ndi oimba omwe mmene ndalama ya pakhomo imayendera. Choyamba imalipira zida zobwereka, chifukwa masipika akuluakulu, mikisa ndi maikolofoni zambiri si zawo, amachita hayala kwa anthu oimbitsa m'maukwati, ndipo m'nyengo ya maukwati mtengo umakwera kapena zida zimasowa kumene. Kenako Sienta yonyamula zidazo kupita ndi kubwera. Kenako mafuta a jenereta, chifukwa palibe angayerekeze kuitana anthu podalira kuti magetsi sazima. Chotsala ndicho amagawana, ndipo masiku ambiri chimachepa kuyerekeza ndi zimene anthu amafupa pansanja nyimbo ikawakhudza. Zingwe za gitala, zikopa za ng'oma zachizungu ndi timitengo toimbira zonse n'zochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera ngati china chilichonse chodutsa pachipata cha dziko. Wa besi amawiritsa zingwe zake m'madzi kuti litsiro lichoke ziyambenso kulira bwino. Wa gitala chingwe chikaduka pakati pa mwezi amamangirira waya wa mabuleki a njinga. Anapirira nthawi ya Covid-19 mu 2020 pamene misonkhano inaletsedwa, anapiriranso mdima umene unadza namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Masiku amenewo ankaimba ndi gitala wopanda magetsi, banjo ndi ng'oma zachikopa, nyali ili patebulo, ndipo kunena zoona ine ndinkakonda kwambiri choncho.

Tsono mungafunse kuti zimenezi zikukhudza bwanji khonsolo, imene ili ndi zinyalala zoti iwole, misewu yokumbika ndi msika woti uyang'aniridwe. Yankho langa lili pa funso lakuti oimba amachokera kuti.

Taonani Balaka. Mu 1978 kumeneko kunayamba Alleluya Band, pansi pa mpingo wa Katolika, ndi a Paul Banda ndi anzawo. Chimene anyamata aja anapatsidwa ndi zida, chipinda choyeserera, ndi anthu oti aziwamvera sabata ndi sabata. M'chipinda chimenecho munatuluka malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu Juni 2024, munatuluka a Charles Sinetre, a Coss Chiwalo ndi ena, mpaka dziko lonse linadziwa kuti kuli kaimbidwe ka ku Balaka. Taonaninso Chileka, kwawo kwa a Daniel ndi a Donald Kachamba, a Robert Fumulani, a Evison Matafale ndi Black Missionaries. Madzi a ku Chileka sasiyana ndi a mumtsinje wathu wa Mulunguzi. Chimene chinalipo kumeneko n'chakuti mwana ankakula akuona amalume ake akuimba pafupi, n'kumadikira kuti atule gitala naye agwireko. Luso limapatsirana pamene anthu akukumana kawirikawiri pamalo amodzi, wamng'ono akuonera wamkulu, wolakwitsa akusekedwa lero n'kubweranso sabata yamawa atakonza.

Ife a ku Zomba tili ndi nkhani yathu, ndipo imandichititsa manyazi pang'ono. Mu 2013 kunabwera katswiri wojambula nyimbo wa ku America, a Ian Brennan, ndi akazi awo a Marilena Delli, n'kulowa m'ndende yaikulu ya Zomba kukajambula akaidi akuimba. Chimbalecho chinatuluka mu 2015 ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya dziko lino. Mphotoyo inapita kwa a Angélique Kidjo a ku Benin, koma dzina la Zomba linamveka m'maiko amene sadziwa n'komwe kuti kuno kuli phiri. Ndende imene ija inamangidwa mu 1935, ndipo tonse tikudziwa mmene anthu amathithikanira m'menemo. Komabe mbali ya amuna kunali bandi, kunali kachipinda ka zida, kunali nthawi yoyeserera. Ndiye ganizirani, akuluakulu: nyimbo za ku Zomba zimene zinafika patali kuposa zina zonse zinachokera kuseri kwa mpanda wa ndende, chifukwa kumeneko n'kumene kunapezeka chipinda ndi zida. Kodi mnyamata wa ku Sadzi, wa ku Mpondabwino kapena wa ku Matawale ayambe wamangidwa kuti apeze poyeserera?

Mzinda uno kuimba si kwachilendo. Asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ankaguba ndi malipenga ndi ng'oma, ndipo gule wa beni amene abale athu a Chiyao amavina amatsanzira perete yemweyo. Nyengo ya zinamwali ikafika, manganje amatseka misewu kuyambira ku Songani mpaka m'tauni. Kum'mwera kuno kuli tchopa wa Alhomwe, amene UNESCO inamuika m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2014. Makwaya ali mumpingo uliwonse. Zonsezi zimalowa pansanja ya kakalabu kaja. Ndamvapo wa besi akutenga kagundidwe ka manganje n'kukaika pansi pa nyimbo ya chikondi, azimayi a tchipisi n'kusiya chiwaya kuyamba kuvina. M'mabala a masipika simumva zotere. Kumeneko ndi amapiano a ku South Africa ndi nyimbo za ku Nigeria usiku wonse. Sindikudana nazo, adzukulu anga amazikonda, koma zimenezo zidzalirabe ngakhale Zomba yense atagona. Zathuzi zimafuna munthu wozigwira.

Palinso nkhani ya Chanco. Sukuluyi inasamukira kuno mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ndiyo University of Malawi payokha. Kumeneko amaphunzitsa nyimbo ndi zisudzo mpaka digiri. Kale a Travelling Theatre, gulu la zisudzo la pasukuluyi, ankatuluka ku Chirunga komwe kuli sukuluyi kupita ndi masewero m'midzi, anthu wamba n'kuona chimene ana awo akuphunzira. Koma oimba ambiri ophunzira kumeneko akangolandira pepala lawo ku Great Hall amakwera minibasi ya ku Blantyre kapena ya ku Lilongwe, chifukwa kuno kulibe koimba. Timawaphunzitsa ife, kukadyerera ena. Ndipo pa zaka zimene ali kuno, ophunzira ndi ana a m'makomboni sakumana kawirikawiri, kupatula pokanganirana mtengo wa lendi kapena wa kabaza. Pansanja paja ndi malo amodzi mwa ochepa pomwe ndaona wa digiri akulandira malangizo kwa wa Sitandade 8 mosanyinyirika.

Likulu la dziko linachoka kuno mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira mu 1994. Chiyambire pamenepo takhala tikufunsana kuti Zomba adzadya chiyani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda muno muli anthu oposa 105,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata. Mafakitale oti awalembe ntchito ndi owerengeka. Timanena kuti ndife mzinda wa maphunziro ndi wokopa alendo. Alendowo amakweradi phiri, amakaona Chingwe's Hole ndi mathithi a Williams, amagula masitiroberi m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe. Dzuwa likalowa amafunsa kuti kodi nyimbo za Chimalawi angakazimvere kuti, ndipo anyamata owaperekeza amasowa chowayankha. Mlendo wosowa chochita madzulo amagona usiku umodzi n'kupitirira ulendo wa ku Liwonde kapena kunyanja.

Ndikudziwa kuti zikondwerero zikuluzikulu mumazikonda, inenso ndimazikonda. Zomba City Festival imabweretsa anthu, Lake of Stars ndi Sand Music Festival zinatchukitsa dziko. Koma woimba amene amaima pansanja yaikulu kamodzi pachaka amakhala ataphunzira kwina, pa anthu makumi atatu amene sachita manyazi kumuuza kuti lero wabalalika. Kalabu yaing'ono ndi nazale. Ife okhala m'tsinde mwa phiri lino taona ndi maso zimene zimachitika anthu akamadula mitengo ikuluikulu popanda wosamala mbande.

Musayese kuti ndikuti malowa alibe chilema. Ali nazo, ndipo eni ake ndinawauza pamaso. Chimbudzi n'chimodzi, ndiye anthu akachuluka abambo ena amakathandizidwira kumpanda wa aneba, ndipo mayi a nyumba imeneyo ali ndi chifukwa chokwanira chosayinira chikalata chilichonse. Potuluka, a kabaza amaunjikana pageti n'kumaliza mahutala ndi kupokosera mainjini polimbirana anthu, moti mphindi zimenezo zimasokosa kuposa bandi yomwe. Ana aang'ono amakwera pampanda kusuzumira, ena amazembera n'kulowa, pamalo pomwe pakugulitsidwa mowa, pamene lamulo likuti wosakwana zaka 18 asagulitsidwe. Ndipo besi imayenda. Mawu okwera amatsekeka ndi khoma, koma kugunda kwa pansi kuja kumadutsa njerwa, kumanjenjemeretsa malata, munthu n'kumakumva m'chifuwa ali pabedi. Nyumba zimene zili kumtunda, moyang'anizana ndi nsanja, ndizo zimavutika kwambiri.

Zonsezi zili ndi mankhwala ake, ndipo si okwera mtengo. Masipika akhoza kutembenuzidwa kuti aloze kumsewu, kusiya kuloza kunyumba za anthu. Akhoza kuchotsedwa pasimenti n'kuikidwa pa matayala akale kuti kugunda kusalowe m'nthaka. Kuseri kwa nsanja kukhoza kukwezedwa khoma, ndipo pansi pa malata n'kuikapo mphasa kapena udzu womwa mawu. A kabaza akhoza kupatsidwa poima chapatali pang'ono, pafupi ndi msewu waukulu. Chimbudzi chachiwiri ndi nkhani ya njerwa ndi matumba ochepa a simenti. Koma munthu saika ndalama zake pa khoma ngati sakudziwa kuti mwezi wamawa adzakhala akadali wotsegula. Apa m'pamene mukufunika inu.

Pempho langa lalikulu n'lakuti m'malamulo a mzinda musiyanitse malo oimbirako bandi ndi malo ongogulitsa mowa. Pakhale chiphaso chakechake, chotsika mtengo, chimene mwini malo azipatsidwa akalonjeza zinthu zomveka: masiku oimba pa sabata, ola loyambira, ola lomaliza, kuchuluka kwa anthu olowa, zimbudzi, ndi mlonda pageti woona za ana. Ola lomaliza likambidwe ndi ife okhala pafupi. Ine ndinganene 11 koloko Lachisanu ndi Loweruka, 7 koloko Lamulungu, ndipo m'masabata a mayeso a boma aziweruka msanga kapena kupumira kumene. Ena anganene zina, tidzamvana. Wophwanya achenjezedwe polemba, akabwereza alandidwe chiphasocho. Ndipo ola limenelo likhudzenso sipika ya pabala, ya pashopu ndi ya pamapemphero, chifukwa khutu la mwana wogona silisankha kuti phokoso ili n'loyera, ili n'lachikunja. Ndikudziwa kuti pamenepa ndaponda zala za anzanga a kumpingo, koma ndi mmene zilili.

Phokosolo liziyezedwa. Pakadali pano mlandu wa phokoso umatengera amene wadandaula mokweza kapena amene akudziwana ndi wamkulu wina, ndipo zotere zimabala ziphuphu ndi chidani pakati pa aneba. Kachipangizo koyezera mawu n'kakang'ono, kokwana m'thumba la malaya, ndipo ngakhale mafoni amakono amatha kupereka chithunzithunzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linatulutsa mu 2022 muyeso wa malo a zisangalalo, wakuti m'kati mwa malowo mawu asapitirire madesibelo 100 (muyeso wa kukwera kwa mawu) powerengera mphindi 15 zilizonse. Umenewo ndi woteteza makutu a amene alowa mwakufuna kwawo. Wa pakhomo la neba uyenera kutsika kwambiri, ndipo akatswiri a zaumoyo a khonsolo, mothandizana ndi aphunzitsi a sayansi a ku Chanco, akhoza kuukhazikitsa. Nambala ikakhalapo, mwini malo adziwa pomwe akulekezera, neba adziwa pomwe ayambire kudandaula, woyendera adzakhala ndi cholemba m'buku.

Za mapepala ndingodutsa mwachangu. Munthu wofuna kuimbitsa bandi movomerezeka amafunika laisensi ya bizinesi, ya mowa ngati akugulitsa, chilolezo cha zisangalalo pansi pa lamulo la 1968 la Censorship Board, bungwe lounika zisangalalo, ndi laisensi ya COSOMA, bungwe limene lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuyambira 1992. Si zonse zili m'manja mwanu, ndikudziwa. Koma pepala limodzi la m'Chichewa, lopachikidwa pa ofesi yanu, lofotokoza kuti chakuti chimatengedwa kwakuti pa mtengo wakuti, lingathandize ambiri amene amaphwanya malamulo chifukwa chosadziwa poyambira. Za COSOMA ndikuzitchula dala, chifukwa bandi zathuzi zimaimbanso nyimbo za anthu ena, ena mwa iwo anamwalira n'kusiya ana amasiye, ndipo n'koyenera kuti kenakake kazifika kwa eni.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana aja okwera pampanda. Kuwathamangitsa n'koyenera, malo a mowa si awo. Koma tikawathamangitsa apite kuti? Amene akusuzumirawo sakufuna mowa, maso awo amakhala pa manja a wa ng'oma. M'sukulu zathu zambiri za boma phunziro la zaluso limathera pa bolodi, mwana amajambula gitala m'kope osaligwirapo. Mzinda uli ndi maholo, sukulu zili ndi makalasi amene amakhala otseka masana ndi pa holide. Mutalola kuti holo imodzi izitsegulidwa masana ena pa sabata pa mtengo wongolipirira magetsi, oimba a m'makalabuwa ndi ophunzira a ku Chanco akhoza kumaphunzitsako ana, kopanda mowa, makolo akudziwa kumene ali. Ndawafunsa anyamata a bandi ija ngati angavomere, ndipo anati chimene chimawasowa ndi malo okha, chifukwa ngakhale iwo eni amayeserera m'chipinda cha lendi, ng'oma ataziphimba ndi mabulangete kuopa alandilodi. Atsikana ndiwo angapindule koposa. Makolo ambiri salola mwana wamkazi kupita kumalo a usiku, ndipo sindingawatsutse, n'chifukwa chake pansanja zathu mtsikana amapezeka pa maikolofoni yakumbuyo basi, wogwira besi kapena ng'oma n'ngosowa.

Magetsi a mumsewu ndisachite kunena zambiri, mukudziwa kale. Kanjira kochoka pa kalabupo kukafika kumsewu waukulu kakanakhala kowala, theka la madandaulo a chitetezo likanatha, ndipo azimayi ochokera kumsika mochedwa akanapindula nawo.

Sindikupempha kuti mukhulupirire mawu anga okha. Yesani dongosolo limeneli kwa miyezi isanu ndi umodzi pa malo awiri kapena atatu, kuno ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Chikanda, mutapereka nambala ya foni imene neba angaimbe usiku n'kuyankhidwa. Pakutha pa miyeziyo muwerenge madandaulo, mufunse okhala pafupi, muone ngati phokoso lachepa kapena ayi. Ndipo musanagamule chilichonse, itanitsani msonkhano kudzera mwa akhansala athu ndi mafumu a m'dera lino, pakhale eni mabala, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, oimba, a kabaza ndi ife aneba. Msonkhanowo uchitike Loweruka masana, chifukwa m'kati mwa sabata oimbawo amakhala ali ku kabaza ndi kusukulu, ndipo azimayi ambiri amakhala ali kumsika.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chinamwali, Zomba